Kuphunzira nyenyezi muli ku Kasungu: bainokyula, telesikopu, kapena zimene Hubble ndi Webb zinajambula kale?

Mphunzitsi wa fizikisi amene akufuna kuyambitsa kalabu ya zakuthambo, kapena kholo la mwana amene watengeka mtima ndi zithunzi za milalang'amba pa foni, funso lake loyamba limakhala lakuti telesikopu ikugulitsidwa ndalama zingati. Funso limeneli limabwera msanga. Choyenera kuyamba kudzifunsa n'chakuti: kodi tikufuna kuona ndi maso athu, kapena tikufuna kuyeza ndi kufufuza? Ntchito ziwirizi n'zosiyana, zida zake n'zosiyananso, ndipo ndalama zambiri zimawonongeka munthu akagula chida choonera ali ndi mtima wofufuza.

Zithunzi zofiirira za mitambo ya fumbi zimene zimazungulira pa WhatsApp simungazione pa telesikopu iliyonse ya pansi pano. James Webb, imene inanyamuka pa 25 December 2021 kuchokera ku Kourou, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni kuchokera padziko, ndipo imakola kuwala kwa infrared, kumene diso silikuona. Mitambo imene nyenyezi zimabadwiramo ndi ya mpweya wa hydrogen wosakanikirana ndi fumbi, yozizira mpaka madigiri 260 kunsi kwa ziro. Fumbilo limatchinga kuwala kumene maso amaona, koma infrared imadutsa. Pansi pano, chinyezi cha mumlengalenga chimameza gawo lalikulu la infrared yomweyo isanatifike. N'chifukwa chake telesikopu yotere amaitumiza kunja kwa dziko.

Komabe Kasungu ili ndi chake chimene anthu a m'mizinda ya ku Ulaya amachilipirira ndege: mdima weniweni, komanso thambo la kummwera. Tili pa madigiri pafupifupi 13 kummwera kwa equator, kotero pakati penipeni pa mlalang'amba wathu pamadutsa pafupi ndi pamutu madzulo a June mpaka August.

Zoyezera

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo: osati wa m'sitolo wokha, koma kuphatikizapo kutumiza, msonkho wa pachipata ndi mabandulo. Zida zimenezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo aliyense akukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero nditchula mitengo m'madola. Kupezeka: kodi chingafike ku Santhe kapena ku Chamama, ndipo chingagwire ntchito miyezi ingati pa chaka? Kasamalidwe: chikawonongeka akonza ndani? Zoopsa: pa maso, pa ana, pa ndalama.

Pa nkhani ya miyezi, kumbukirani kuti kuyambira November mpaka April mitambo ya mvula imatseka thambo masiku ambiri. May, June ndi July ndiyo miyezi yoyera. Kuyambira August utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimadetsa m'munsi mwa thambo mpaka mvula yoyamba. Ndipo mwezi ukakhala wathunthu, zowala pang'ono zonse zimabisika. Usiku wabwino kwenikweni ndi wochepa kuposa mmene munthu amaganizira akamagula chida.

Njira yoyamba: maso, bainokyula ndi pulogalamu ya pa foni

Mtengo. Bainokyula ya 10x50 yabwinobwino imagulidwa madola osapitirira 100. Nambala yoyamba ikutanthauza kukuza kakhumi, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo, mamilimita 50. Yachiwiriyo ndiyo yofunika usiku, chifukwa ndiyo imakola kuwala. Pulogalamu ya Stellarium ndi yaulere pa kompyuta, ilinso ya pa foni, ndipo mukaiika kamodzi imakusonyezani thambo la usiku umenewo popanda intaneti.

Kupezeka. Mwa zida zonse, ichi chokha ndicho mungachipeze m'dziko muno osaitanitsa kunja, m'masitolo a ku Lilongwe ngakhalenso pa kaunjika. Mukagula yakale, yesani kaye masana: lozani mlongoti wakutali, mutseke diso limodzi kenako linalo. Ngati mlongotiwo ukudumpha m'mwamba ndi pansi, magalasi a m'kati anasuntha, ndipo usiku nyenyezi iliyonse idzaoneka ngati ziwiri. Isiyeni.

Zimene imaonetsa n'zambiri kuposa mtengo wake. Madzulo a May, yang'anani kummwera kumene kuli nyenyezi za mtanda, Southern Cross. Pambali pake pali chibanga chakuda ngati kuti nyenyezi zachotsedwapo. Chimenecho ndi Coalsack, mtambo wa fumbi umene ukutchinga kuwala kwa nyenyezi za kumbuyo kwake, ndipo umaoneka ndi maso okha. Chakumadzulo pang'ono kuli Carina Nebula, mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi, imene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 7,500 kuti kufike kuno. Dera limeneli ndi limene Webb inaonetsa m'zithunzi zake zoyamba mu July 2022. Pamwamba pa mtandawo pali Omega Centauri, mulu wa nyenyezi mamiliyoni umene mu bainokyula umaoneka ngati kampira kotuwa. Mu October ndi November, kumpoto kumaoneka Andromeda, mlalang'amba umene kuwala kwake kunanyamuka zaka 2.5 miliyoni zapitazo, pamene kummwera kumaoneka timilalang'amba tiwiri ta Magellan.

Kafukufuku weniweni amathekanso. Bungwe la AAVSO, limene linayamba mu 1911, limalandira malipoti a anthu wamba a nyenyezi zimene kuwala kwake kumasinthasintha. Betelgeuse, nyenyezi yofiira ya m'gulu la Akamwiniatsatana, itazilala kumapeto kwa 2019 mpaka February 2020, anthu oyang'ana ndi maso ankaiyerekeza ndi nyenyezi zoyandikana nayo n'kumatumiza manambala, ndipo zimene Hubble, telesikopu ina ya kunja kwa dziko, inaona zinathandiza kusonyeza kuti nyenyeziyo inalavula mpweya umene unazizira n'kusanduka fumbi.

Kasamalidwe. Kuisunga pouma basi. M'dzinja magalasi amachita chuku, ndipo chuku chikalowa m'kati palibe wochichotsa kuno. Ikani m'kabokosi kotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silika timene timabwera m'mabokosi a nsapato.

Zoopsa. Manja amanjenjemera, choncho tsamirani pa khoma kapena mangirirani bainokyula pa mtengo. Choopsa chachikulu ndi dzuwa: mwana akaloza dzuwa ngakhale kwa kamphindi, diso limapsa ndipo silichira. Musamasiyire ana chidachi masana.

Njira yachiwiri: telesikopu ya galasi lalikulu

Ndiyambe ndi imene simuyenera kugula. Pali matelesikopu opyapyala a miyendo itatu yogwedera, olembedwa pa bokosi kuti amakuza ka 500 kapena kuposa. Kukuza kumadalira kukula kwa galasi, ndipo kagalasi ka mamilimita 60 sikangapereke chithunzi choyera kupitirira ka 120. Kupyola apo ndi chimbuuzi chokhachokha, chinthu chimene mwalozacho n'kumathawa mukangokhudza chubu. Matelesikopu amenewa amathera pamwamba pa kabati ya ahedi.

Imene ili ndi ntchito ndi ya mtundu wa Dobsonian: chubu chachikulu chokhala ndi galasi lobweza kuwala pansi pake, chokhazikika pa bokosi la matabwa limene limazungulira ndi dzanja.

Mtengo. Ya galasi la mamilimita 150 kapena 200 imagulidwa madola mazana angapo, koma vuto ndi kulemera. Ya mamilimita 200 imalemera makilogalamu pafupifupi 20 ndipo chubu chake n'chotalika kuposa mita, kotero ndalama zotumizira ndi msonkho zimatha kuyandikira mtengo wa chidacho. Njira yochepetsera ilipo: kuitanitsa magalasi okha, bokosi ndi chubu n'kupangitsa kwa kalipentala wa pa boma. John Dobson mwiniwake anakonza mtundu umenewu kuti uzipangidwa ndi zinthu zotsika mtengo. Koma pamafunika munthu wodekha pa miyeso.

Kupezeka. Kuitanitsa ku South Africa kapena kutali kuposa apo, mwinanso kudalira wachibale amene akubwera pa galimoto. Siifuna magetsi kapena netiweki, ndipo pamenepa imaposa njira zonse zotsatira.

Kasamalidwe. Magalasi ake awiri amafunika kuwongolanso nthawi ndi nthawi kuti aziyang'anizana bwino, makamaka ikayenda pa msewu wafumbi wa mabampu. Ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa amene waiphunzira, koma mphunzitsi wodziwayo akasamutsidwa, chidacho chimagona. Galasi lalikulu salipukuta ndi nsalu. Bokosi la matabwa lisakhale pa dothi chifukwa cha chiswe.

Zoopsa. Kukhumudwa. Mwezi ndi zigwa zake, mphete za Saturn, miyezi inayi ya Jupiter, zimenezi zimakuwitsa ana ndi chimwemwe. Koma milalang'amba imaoneka ngati timabanga totuwa, popanda mitundu, chifukwa diso la munthu silizindikira mitundu kuwala kukachepa. Mwana amene akuyembekezera chithunzi cha Webb amafunsa kuti, "Aphunzitsi, n'chomwechi basi?" Chinanso, amaona mmodzimmodzi, ndipo dziko likuzungulira, kotero pakadutsa ana awiri kapena atatu muyenera kulozanso. Kalasi ya ana 60 ndi mzere wautali mu mphepo ya June.

Njira yachitatu: telesikopu yodzilozera yokha

Izi n'zatsopano. Yodziwika kwambiri ndi Seestar S50, imene inatuluka mu 2023. Ilibe poikapo diso. Muli kagalasi ka mamilimita 50 ndi kamera, mumaiuza pa foni chimene mukufuna, iyo imachipeza yokha n'kumajambula tizithunzi ta masekondi 10 timene imatisanjikiza. Pakatha mphindi zingapo Carina Nebula imatuluka pa foni ndi kufiira kwake, chinthu chimene Dobsonian singakuonetseni.

Mtengo. Inatuluka pa madola pafupifupi 500, kuwonjezapo kutumiza, msonkho, ndi foni kapena tabuleti yamphamvu ndithu. Ndi yopepuka, makilogalamu osafika 3, choncho imakwana m'chikwama cha munthu wobwera pa ndege.

Kupezeka. Kuitanitsa kunja. Ikamagwira ntchito imalumikizana ndi foni pa Wi-Fi yakeyake, siidya bandulo kumunda, koma kuika ndi kukonzanso pulogalamu yake kumafuna intaneti yabwino.

Kasamalidwe. Batire lake limatha maola angapo, motero pamafunika magetsi a sola kapena power bank. Ikawonongeka m'kati, palibe wokonza mafoni pa msika amene angaitsegule. Imadaliranso kampani yake: pulogalamu ikasiya kugwirizana ndi foni yanu yakale, muli m'madzi.

Zoopsa. Imabeka mosavuta. Ndipo ine ndimaikayikira pa chifukwa china. Ana amaunjikana pa foni osakweza maso kumwamba, ndipo atha kumaliza chaka osadziwa kumene kuli Nsangwe, kagulu ka nyenyezi kotchedwa Pleiades m'Chingerezi. Ubwino wake ndi woti ana khumi amaona nthawi imodzi, komanso imasunga mafayilo a FITS, mtundu wa zithunzi umene akatswiri a zakuthambo amagwiritsa ntchito, amene mungayezerepo kuwala kwa nyenyezi. Pa mapulaneti ndi yofooka.

Chenjezo limodzi likukhudza njira zitatu zonsezi. Gulu la anthu litaima pa bwalo pakati pa usiku ndi chida cholira pang'onopang'ono ndi kuphethira, kumudzi limayambitsa mphekesera, ndipo tonse tikudziwa kumene mphekesera zotere zinafikitsa anthu m'dziko muno. Kadziwitseni a mfumu ndi a komiti ya sukulu kusanade, ndipo aitaneni adzaone Saturn. Kwa a m'malire mwa Kasungu National Park, monga cha ku Chulu, kumene mdima uli wabwino kwambiri, kumbukirani kuti mu 2022 m'nkhalangomo anawonjezeramo njovu 263 zochokera ku Liwonde. Onerani pafupi ndi nyumba.

Njira yachinayi: kubwereka telesikopu yakutali pa intaneti

Mtengo. MicroObservatory, ya Center for Astrophysics ya Harvard ndi Smithsonian, ndi yaulere. Mumasankha chinthu pa mndandanda, kutalika kwa nthawi yojambula, n'kulemba imelo yanu. Telesikopu imajambula usiku wa kumeneko, chithunzi n'kubwera mawa lake. Bandulo yofunika ndi yochepa.

Kupezeka. Foni kapena laputopu ndi netiweki.  Las Cumbres Observatory ili ndi matelesikopu abwinopo m'maiko angapo, kuphatikizapo ku Sutherland ku South Africa, koma nthawi yake ya maphunziro imaperekedwa kudzera m'mabungwe amene ali mu ndondomeko yawo ya Global Sky Partners, osati kwa aliyense wongofika.

Kasamalidwe. Palibe chanu chosamala.

Zoopsa. Kumeneko kukachita mitambo mumalandira chithunzi chopanda kanthu. Zithunzi za MicroObservatory n'zazing'ono. Ndi poyambira pabwino pophunzirira kukonza chithunzi, koma si pokhalitsa.

Njira yachisanu: nkhokwe za matelesikopu a m'mlengalenga

Apa ndi pamene ambiri sadziwa. Zimene Hubble yajambula kuyambira 1990, ndi zimene Webb ikujambula, zimasungidwa m'nkhokwe yotchedwa MAST ku Space Telescope Science Institute mumzinda wa Baltimore. Katswiri amene anapempha kuti telesikopu iloze penapake amapatsidwa nthawi, kawirikawiri yosapitirira chaka, yoti agwiritse ntchito yekha. Ikatha nthawiyo zimatsegukira aliyense. Fayilo imene pulofesa wa ku Cambridge akutsitsa ndi yomweyo imene mwana wa Fomu 3 ku Nkhamenya angatsitse.

Mtengo. Zinthuzo n'zaulere, mapulogalamu otsegulira monga SAOImage DS9 ndi aulerenso. Cholipira ndi bandulo ndi laputopu. Apa muchenjere, pakuti fayilo imodzi ya Webb imatha kukhala ya ma MB mazanamazana, ina kupitirira 1 GB. Onani kukula kwake musanadine.

Ntchito zake zimasiyana kulemera, ndipo ndizitchula kuyambira yopepuka.

Galaxy Zoo, imene inayamba mu 2007 ndipo ili pa tsamba la pa intaneti la Zooniverse, imakuonetsani chithunzi cha mlalang'amba n'kukufunsani mafunso: ndi wosalala kapena uli ndi mikono yopindika? Uli ndi mpiringidzo pakati? Mayankho a anthu ambiri amaphatikizidwa n'kulowa m'kafukufuku weniweni. Imatheka pa foni. Mu 2007 momwemo, mphunzitsi wa pulayimale wa ku Netherlands, Hanny van Arkel, anaona kanthu kachilendo pafupi ndi mlalang'amba wina n'kufunsa kuti n'chiyani. Kanapezeka kuti ndi mtambo waukulu wa mpweya wowala, ndipo pambuyo pake Hubble inalozedwa pomwepo.

ESASky, ya bungwe la European Space Agency, imatseguka pa intaneti popanda kuika pulogalamu. Mumalemba dzina la chinthu, n'kumasintha kuchiona m'kuwala wamba, mu infrared, kapena mu X-ray. Phunziro labwino ndi la mizati ya fumbi ya mu Eagle Nebula: ikani chithunzi cha Hubble cha 1995 pambali pa cha Webb cha 2022. Mwa Hubble mizatiyo ndi yoderapo, m'kati mwake simuoneka. Mwa Webb yayera mbali zambiri, nyenyezi zongobadwa kumene zikuonekera m'kati. Mwana akaona zimenezi safunanso kuloweza kuti infrared imadutsa fumbi.

Imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya Gaia. Telesikopu imeneyi inakwezedwa mu 2013, inasiya kugwira ntchito mu 2025, ndipo mndandanda wake wa mu 2022 uli ndi nyenyezi pafupifupi 1.8 biliyoni. Simutsitsa zithunzi koma manambala, choncho fayilo imakhala yaing'ono. Pemphani nyenyezi za dera la Nsangwe, mutsegule mu Excel kapena LibreOffice. Sankhani zimene parallax yake, nambala yosonyeza mtunda wa nyenyezi, ili pafupi ndi 7.4, kutanthauza kuti zili pa mtunda umodzi, wa zaka pafupifupi 440 za ulendo wa kuwala. Kenako jambulani girafu: mtundu wa nyenyezi cham'mbali, kuwala kwake chokwera, zowala kwambiri zikhale pamwamba. Timadontho sitimwazikana. Timandandalika mu mzere umodzi wopendekeka, zobiriwira motuwa ndi zotentha kumtunda kumanzere, zofiira ndi zozizirirapo kumunsi kumanja. Mzere umenewo ndiwo maziko a zonse zimene akatswiri amadziwa za moyo wa nyenyezi, ndipo ana aupanga okha pa laputopu imodzi.

Kupezeka. Netiweki ya Airtel kapena TNM imakwana pa Galaxy Zoo ndi Gaia. Pa mafayilo a Webb, tsitsirani pa boma kapena pamene pali Starlink, imene inafika m'Malawi mu 2023, musunge pa flash. Ubwino waukulu wa njira imeneyi ndi woti imachitika masana, m'dzinja momwe. Pa sukulu yoyendera, kumene ana amabwerera kwawo dzuwa lisanalowe ndipo makolo sangalole atsikana kubwereranso usiku, mfundo imeneyi imalemera kuposa zina zonse.

Kasamalidwe. Laputopu, magetsi ndi mavairasi a pa flash. Chofunika kwambiri kusamala ndi luso la mphunzitsi. Malangizo onse ali m'Chingerezi cha akatswiri, choncho lembani masitepe anu m'kope kuti wobwera pambuyo panu asayambirenso.

Zoopsa. Kunamizidwa ndi chithunzi. Mafayilo enieni ndi akuda ndi oyera, mitundu imaikidwa ndi anthu malinga ndi sefa imene anajambulira. Minga imene imatuluka pa nyenyezi zowala si ya nyenyeziyo koma ya telesikopu: Hubble imapanga zinayi, Webb zisanu ndi imodzi zazikulu ndi ziwiri zazing'ono, chifukwa cha magalasi ake 18 a ngodya zisanu ndi imodzi ndi timitengo togwira galasi laling'ono. Kadontho kowala kamene kali pa chithunzi chimodzi koma palibe pa chinzake kawirikawiri ndi kachinthu kamene kanagunda kamera, osati nyenyezi yatsopano. Ndipo mwana wongokhalira pa kompyuta atha kudziwa Carina ya Webb koma osadziwa kuti ili pamwamba pa denga la kwawo.

Ndani atenge chiyani

Sukulu yoyendera yopanda magetsi odalirika: mabainokyula awiri kapena atatu ndi Stellarium pa foni ya aphunzitsi, kuonera kungoyamba mdima mu May ndi June makolo atavomera, Galaxy Zoo masana pamene bandulo ilipo.

Sukulu yogonera yokhala ndi chipinda cha makompyuta: yambani ndi Gaia ndi ESASky, zimene sizifuna kugula kanthu. Kalabu ikakhazikika ndipo pali aphunzitsi awiri odziwa kuwongola magalasi, gulani Dobsonian ya mamilimita 150 kapena 200. Ngati mukufunafuna thandizo la ndalama, ofesi ya IAU Office of Astronomy for Development ku Cape Town imaitanitsa mapempho a mapulojekiti chaka ndi chaka.

Wophunzira amene akufuna kudzachita fizikisi ku yunivesite: ndalama ya telesikopu igulire laputopu yakale yabwino, aphunzire Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta, ayambe ndi Gaia kenako MAST. Bainokyula atha kubwereka.

Kholo la mwana wa pulayimale: bainokyula yokha, yosungidwa ndi akuluakulu.

Malo ogona alendo a pafupi ndi paki, kapena munthu amene ali ndi sola ndipo akufuna zithunzi zakezake zoonetsa anthu ambiri nthawi imodzi: Seestar, ndi chitseko chokhoma bwino.

Amene wapatsidwa kale katelesikopu kolembedwa 500 pa bokosi: aike galasi lokuza pang'ono kwambiri mwa amene anabwera nako, amangirire thumba la mchenga pakati pa miyendo yake kuti kasagwedere, aziloza mwezi wokha.